Boloni wa Mfumu Mwazani ndi Chipande cha a Gwedeza

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anachita nawo ulesi kuli ufumu wina wotchedwa Nyambita. Musavutike n'kufunsa basi yopita kumeneko, kulibe. Miyala yomangira msewu wake inalawidwa kalekale.

Ndati inalawidwa, ndipo lilime silinaterereke. Ku Nyambita kulawa ndi mwambo, mwambo wolemekezeka kuposa maliro. Unayamba chonchi. Mfumu ina yamakedzana inatumiza mtsuko wa uchi kwa anthu ake, uchiwo n'kutsegula m'mimba mudzi wonse. Pochita manyazi, mfumuyo inalamula kuti chilichonse chochokera kunyumba yachifumu chizilawidwa kaye ndi akuluakulu onse a m'njira, kuti ngati muli chiphe chiyambe chagwira iwowo. Poyamba ankalawa ndi nsonga ya chala. Ana awo anaona kuti chala chimanama, nayamba kulawa ndi dzanja. Adzukulu anabweretsa lichero. Pofika masiku a nkhani yathuyi alawi ankabwera ndi ngolo, ndipo ankalawa chilichonse: shuga, mabulangete, malata, ngakhale njinga za anamwino.

Mkulu wa alawi onse anali a Gwedeza, bambo wa mimba yotsogola ndi kaseko kokoma. Sanali munthu woipa, ayi ndithu. Kumaliro ankafika woyamba, kutchalitchi ankaimba besi, ndipo akakulawira shuga wako ankakufunsanso za ana. Chizindikiro cha udindo wawo chinali chipande chamkuwa chimene ankachikoleka m'khosi. Chipande chimenecho ndicho chinamanga nyumba yawo yosanja, ndicho chinanenepetsa ng'ombe zawo, ndipo a Gwedeza ankachikonda kuposa abale awo ena. Panali zinthu ziwiri zokha zimene zikanawalanditsa chipandecho. Mlawi amene wanena kuti mphatso ya mfumu ndi yoipa, kapena amene wapezeka kuti walawa mopyola muyeso, ankalandidwa chipande n'kutumizidwa kukaweta abakha ku Dambo la Udzudzu. Muyesowo palibe ankaudziwa, n'chifukwa chake panalibe amene anaupyolapo.

Mfumu ya nthawi imeneyo inali Mwazani Wachiwiri, munthu wa dzanja lotambasuka. Mfumuyi inkadana kwambiri ndi mawu akuti "pang'ono", moti ophika ake akafuna kunena za mchere ankangoloza ndi chala. Chinthu china chimene inkakonda chinali mandasi, ndipo mavuto anayambira pamenepo. Mafuta ophikira anasowa m'dziko. Mtedza unali utalawidwa, mpendadzuwa mbalame zinamaliza. Ndiye mfumu inalamula kuti dziko lonse lidzale safulawa, mbewu yachilendo yaminga, msuweni wake wa mpendadzuwa, ya maluwa achikasu opita kofiira, imene njere zake amafinya mafuta. Ati mbalame siziyandikira chifukwa cha mingayo, komanso siopa chilala.

Safulawa anamera, anachita maluwa, anthu anabayidwa ndi minga mpaka kuzolowera. Koma pokolola mitu yambiri inali mphwepwa, ndipo tinjere tochepa timene tinalimo tinali touma gwaa. Munthu ankafinya dengu lonse kuti apeze mafuta odzola m'zigongono. Mandasi a kunyumba yachifumu anayamba kubwera otuwa, ndipo tsiku lina mfumu inatsamwa nawo pamaso pa alendo. Mmawa mwake Bwalo la Nduna linaitanidwa.

Kubwaloko kunabwera mayi Kachingwe, katswiri wa zanthaka, amene anatha chaka chonse akuyesa safulawa m'timinda ting'onoting'ono kuseri kwa khola la ng'ombe zachifumu. Anagwada, anaomba m'manja, n'kuyamba.

"Mwinidziko, nthaka yathu ili ndi njala ya zinthu ziwiri. Choyamba ndi salufa, ufa wachikasu uja. Ameneyo amathandiza njere kukhuta mafuta. Chachiwiri ndi boloni, woyera ngati shuga. Ameneyo amathandiza duwa kugwira njere, kuti mutu usakhale mphwepwa. M'timinda timene ndinathira zonse ziwiri, mitu inadzaza, njere zinalemera, mafuta anatuluka ambiri, oyera bwino, osanunkha."

Nduna zinaomba m'manja, ngakhale zimene zinkagona.

"Tithire wochuluka bwanji?" inafunsa mfumu, malovu ali m'kamwa.

"Salufa, thumba limodzi pa munda waukulu, Mwinidziko. Koma boloni pang'ono chabe, wodzaza kabokosi ka machesi. Mukapyola apo amawotcha mbewu."

Nduna ina inayamba kuyang'ana nsapato zake ngati yaziona koyamba. Mawu oletsedwa aja anali atatchulidwa, ndipo anatchulidwa masana, pamaso pa aliyense.

"Amayi," inatero mfumu mofatsa, "ine Mwazani, mwana wa Mwazani, ndipatse anthu anga kabokosi ka machesi? Mafumu anzanga akamva adzati chiyani? Komanso taonani tsankho lake. Wachikasu thumba, woyera kabokosi. Boloni walakwanji? M'ufumu wanga feteleza yense ndi wofanana."

Nduna ya Zachilungamo inadzuka msangamsanga n'kunena kuti nkhani ya kuponderezedwa kwa boloni yakhala ikuisowetsa tulo kwa zaka zambiri, kungoti inkasowa poyambira. Nduna ya Zamatamando inapempha kuti mawu a mfumuwo aziphunzitsidwa m'sukulu. Dzuwa lisanapendeke, Lamulo la Kufanana kwa Feteleza linali litakhazikitsidwa: munda uliwonse thumba la salufa, munda uliwonse thumba la boloni.

"Minda ipsa, Mwinidziko," anatero mayi Kachingwe, akadali chigwadire.

Mfumu inawathokoza kwambiri chifukwa cha nzeru zawo zakuya, ndipo inawakweza kukhala kazembe kudziko lina lakutsidya kwa nyanja, kumene kuli miyala yokhayokha. Ananyamuka tsiku lomwelo, bandi ikuwaperekeza.

A Gwedeza, amene analinso m'bwalomo, anamva ndithu mawu akuti "amawotcha", makutu awo anali abwinobwino. Koma iwo ankayeza anthu onse ndi mtima wawo. Anadziuza kuti katswiri akati thirani pang'ono, ndiye kuti chotsalacho akufuna apite nacho kwawo. Ndipo chinthu chochokera kunja, chimene amachiyeza ndi kabokosi ka machesi, chingakhale chinthu wamba? Anatuluka m'bwalo akusisita chipande chawo.

Ngolo za feteleza zitafika pachipata chawo, a Gwedeza anayamba ndi salufa. Anamasula thumba limodzi, kununkhiza, n'kukwinya mphuno. "Ameneyu ndi wabwino, apite," anatero, akubwerera m'mbuyo. Kenako anamasula la boloni. Anatapa ndi chipande, kumuyang'ana akung'anima padzuwa, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Koma uyu ndikumukayikira. Tsitsani theka."

Ngolo zotsala zinapita kwa a Pondeponde, mlawi wa chigawo, amenenso anamukayikira boloni, natsitsa theka lawo. Mlawi wa pamlatho anamukayikira. Mlawi wa pamphambano anamukayikira. Wa pachipata cha msika, amene chipande chake chinali chamtengo, anamukayikira ndi mtima wake wonse. Salufa yekha ndiye anayenda ulendo wonse popanda womukayikira, chifukwa cha fungo. Pofika ku Pansipathumba, mudzi womalizira wa ufumuwo, matumba a salufa anafika onse, koma boloni wa mudzi wonse anafika m'kachitini kamene kale munali mkaka.

Tsono feteleza sadyedwa. Mlawi aliyense anaganiza zomulawira m'munda mwake. A Gwedeza anathira mpaka munda wawo unayera mbuu, anthu odutsa n'kumafunsa ngati chigayo chaphulika.

Safulawa wawo anamera bwinobwino, a Gwedeza n'kumayenda m'mizere manja ali kumbuyo. Kenako nsonga za masamba zinayamba chikasu. Chikasucho chinasanduka khofi, chinatsika m'mphepete mwa tsamba lililonse, masamba n'kuyamba kufota ndi kuthothoka. Pamene safulawa wa anthu ena ankatulutsa mitu, wa a Gwedeza anangoima tindodo ngati munthu wadutsamo ndi muuni.

Akazi awo, Nangozo, anali mayi wosaseka zachabe. Anawapeza pakhonde akumwa tiyi wa shuga wolawa.

"Bambo, mwakaonako kumunda?"

"Ndi dzuwa limenelo, mayi. Chaka chino latentha."

"Dzuwa lake losankha minda? Nanga kwa aphunzitsi kuseriku, amene salawa kanthu, likuwala lina?"

A Gwedeza asanayankhe, kunja kunamveka ng'oma ya mlengezi. Mfumu yalamula Tsiku la Maluwa. Idzayendera minda ya safulawa kuti ione ndi maso ake zipatso za kupatsa kwake. Idzayambira pa munda wa Mkulu wa Alawi, poti uli pafupi ndi chipata chachifumu, n'kukamalizira ku Pansipathumba.

Tiyi uja anazizira m'kapu. Nangozo anakhala pansi n'kuwawerengera nkhaniyo bwinobwino, ngati kuti iwo sanali kuidziwa.

"Mukakanena kuti feteleza wa mfumu ndi woipa, abakha. Mukakanena kuti munatapa wambiri, abakha. Ine ndaneneratu, ku Dambo la Udzudzu sindipita nawo. Ndinakwatiwa ndi mwini chipande, osati mbusa wa abakha."

A Gwedeza anachita mantha, mantha enieni. Anatuma antchito kuti akapake masamba otsalawo penti wobiriwira. Koma penti wa ku Nyambita amakhala atadutsa kale m'manja mwa alawi, ndiye anali madzi okhaokha. Antchitowo anangobwerako ndi minga m'zala.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. A Gwedeza anamva mphekesera yoti ku Pansipathumba safulawa wachita bwino modabwitsa, ndipo anaganiza zokabwerekako munda. Ankafuna kungozika chikwangwani cha dzina lawo pa munda wa wina, n'kunena kuti wa kuchipata uja ndi wa msuweni wawo wamisala. Anavala jekete lakutha, chipande n'kubisa m'malaya, n'kukwera ngolo ya anthu wamba yopita kumsika wa Tingoona, ku Pansipathumba.

Ulendowo unawawawa kuposa mabampu ake. Anthu a m'ngolomo anali atapeza masewera atsopano, owerenga maudindo a akuluakulu poyang'ana minda.

"Uwu ndi wa a Pondeponde," anatero bambo wina wonyamula nkhuku. "Wapsa mpaka phesi. Munthu wamkulu ameneyu."

"Nanga uwo?"

"Wa mlawi wa pamlatho. Wangopsa masamba a m'munsi, maluwa alipo awiri atatu. Alimbikire, adzakwezedwa."

"Koma mwaona wa a Gwedeza?" anafunsa mayi wina. "Ngakhale chisoso chakana kumera. Pamenepo ndiye pali ulemu."

A Gwedeza anakokera chipewa kumaso. Ngolo imati ikatalikira nyumba yachifumu minda n'kumabiriwira, ndipo pofika ku Pansipathumba dziko lonse linali maluwa, achikasu ndi ofiira, njuchi zili ng'waa. Amene anadzala moyambirira anali atakolola kale n'kufinya. Msika wonse wa Tingoona unkanunkhira zokazinga.

Munda waukulu kwambiri unali wa Nasibeko, mayi wa manja otakata amene ankalima safulawa, kufinya mafuta, n'kumakazinga mandasi pansi pa mtengo wa mthethe pakati pa msika. A Gwedeza anamupeza akutembenuza mandasi m'chiwaya chodzaza mafuta oyera mbee.

"Takulandirani, bwana Mkulu wa Alawi," anatero Nasibeko osadzutsa mutu.

"Mwandidziwa bwanji, amayi?"

"Jekete mwabwereka, koma mimba ndi yanu. Khalani pa benchipo."

Anakhala. Nasibeko anawapatsa mandasi otentha pa tsamba la nthochi, ndipo ngakhale anali pamavuto, a Gwedeza anatseka maso poluma. Mandasiwo anali ofewa, onona, opanda kafungo kalikonse. A Gwedeza anatenga njere zingapo za safulawa m'lichero limene linali pambali, zoyera, zonenepa, zolemera m'dzanja. Anaswa imodzi ndi chikhadabo, chala n'kunyowa.

"Munathira chiyani, amayi?"

"Zimene munatisiyira, bwana. Wachikasu uja anafika yense, tinamwaza m'mizere titatseka mphuno. Woyera uja anafika m'kachitini. Tinakhala pansi mudzi wonse kuganiza kuti tigawana bwanji kachitini popanda kumenyana. Ndiye tinangomusungunula m'migolo ya madzi, aliyense n'kutunga ndowa yake, kukawaza pa masamba ndi tsache. Tinkadandaula, bwana, tinkakutukwanani ndithu. Kenako taona mitu ikudzaza."

A Gwedeza anatsitsa mawu n'kufotokoza chimene anadzera. Anangofuna kubwereka mundawo kwa tsiku limodzi, chikwangwani adzabwera nacho okha.

Nasibeko anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Munda sabwereka ngati mpando wa paukwati, bwana. Komanso mudzi wonsewu mudzautseka pakamwa ndi chiyani? Shuga munalawa." Anavuula mandasi ena. "Koma musatione ngati osayamika. Chikhala kuti matumba onse aja anafika kuno, bwenzi tikulira ndife. Mwatipsera, bwana. Mulungu akudalitseni."

Amayi ogulitsa tomato pafupi anaseka chikhakhali. A Gwedeza anadziwa kuti akuwanyoza, sanali mwana. Koma pobwerera m'ngolo muja mawu amenewo ankangozungulira m'mutu mwawo, ndipo pofika pamlatho anali atayamba kuwayeserera chapansipansi, uku akugwedeza dzanja.

Tsiku la Maluwa linafika. Mfumu inakwera ngolo yake yokokedwa ndi ng'ombe zoyera, bandi patsogolo, amayi ovala nsalu za nkhope yake pambuyo, nduna zili m'mbali ndi maambulera. Atafika pa munda wa a Gwedeza, woimba lipenga anasiya nyimbo pakati. Mfumu inayang'ana tindodo touma tija nthawi yaitali. Inangokweza chala kuti ulendo upitirire.

Anadutsa wa a Pondeponde. Anadutsa wa mlawi wa pamlatho, wa pamphambano, wa pachipata cha msika. Alawi onse ankayenda pambuyo pa ngolo ngati akuperekeza maliro awo omwe. A Pondeponde ananong'oneza a Gwedeza kufunsa ngati abakha amaluma.

Ku Pansipathumba mfumu inatsika, inalowa m'munda mwa Nasibeko osasamala minga, inathyola mutu umodzi n'kuufikisa m'manja. Njere zinadzaza chikhatho. Anaibweretsera mandasi otentha, inadya, inadyanso, mafuta akutsetsereka m'zala mpaka m'chigongono. Itakhuta inakhala pampando pansi pa mthethe uja, anthu onse atazungulira, n'kuitana.

"A Gwedeza, tabwerani kuno. Feteleza wanga ndi mmodzi. Bwanji kuno wabala mandasi, kwanu wabala makala? Kodi mphatso yanga ndi yoipa?"

"Ayi, Mwinidziko," anatero a Gwedeza, atagwada.

"Ndiye kuti munalawa mopyola muyeso."

"Ayinso, Mwinidziko."

"Fotokozani tsono. Abakha akudikira."

A Gwedeza anapuma mozama, natulutsa besi ya kutchalitchi ija.

"Mwinidziko, mphatso yanu si yoipa. Ndi yamphamvu, yatengera mwini wake. Kupatsa kwanu ndi moto, ndipo munthu wamba sangakulandire konse nthawi imodzi, angapse. Ife alawi anu titangomuona boloni uja tinadziwa kuti muli ukulu wanu wonse. Tinafunsana kuti, kodi tilole ana a mfumu apse? Ine ndinati ayi, uyambe wapsa ndi munda wanga. A Pondeponde anati wanganso. Tinaima pakati pa dzanja lanu ndi anthu anu, aliyense kusenza moto molingana ndi udindo wake, mpaka kuno kunafika wokwanira bwinobwino. Sitinapyole muyeso, Mwinidziko. Muyesowo ndife tinaupeza, ndipo umboni wake uli m'zala zanuzo. Minda yathu yapsa kuti mandasi anu anone."

Mfumu inayang'ana zala zake. Inayang'ana alawi ake ogwada m'fumbi. Kenako misozi inayamba kutsika.

"Ndipo ine ndimati ndinu akuba," inatero. "Anthu inu, mwamva? Ali kuti mafumu ena amene ali ndi antchito otere?"

"Kulibe, Mwinidziko," anayankha Nasibeko mokweza, nkhope ili phee. "Oterewa ndi athu okha."

Mfumu inaimirira n'kulengeza pomwepo. Alawi onse akhale Ngwazi za Boloni. Chipande cha a Gwedeza chisachoke m'khosi mwawo mpaka imfa. A Gwedeza anamva mtima ukubwerera m'malo mwake, ndipo akanavina chikhala kuti mfumu inathera pamenepo. Koma Mwazani akayamba kupatsa saima msanga.

"Chaka chamawa boloni ndimuwirikiza, kuti ngwazi zanga zipeze posonyezera mphamvu. Komanso si chilungamo kuti anthu osenza moto azivutikanso ndi tinthu ting'onoting'ono. Kuyambira lero shuga, mabulangete, malata ndi njinga zizipita kwa anthu mwachindunji, osalawidwa. Alawi anga apume. Azilawa boloni yekha."

Nthungululu zimene zinamveka pamsika wa Tingoona tsiku limenelo zinathawitsa njuchi m'minda. Nduna ya Zamatamando inapempha kuti mawu amenewanso aziphunzitsidwa m'sukulu. A Gwedeza anaomba nawo m'manja, nanga akanatani?

Miyezi inadutsa. Kunyumba yosanja kuja tiyi anayamba kumwedwa wopanda shuga. Munda unakhala chipsereni, mvula inagwa koma palibe chinamera, ngakhale mbuzi zinkaudutsa mothamanga. Nyengo yodzala itayandikira, ngolo za boloni zinafika pachipata, mzere wake kukafika kuseri kwa phiri.

A Gwedeza anatuluka ndi chipande chawo, anayang'ana ngolozo, anayang'ana munda wawo. Anali ndi dimba limodzi lotsala kumtsinje, la nthochi ndi mpiru, limene Nangozo ananeneratu kuti likangothiridwa kaufa koyera iye abwerera kwawo. Ndiye kwa nthawi yoyamba chibadwire, a Gwedeza anachita chinthu chimene palibe mlawi anachitapo m'mbiri yonse ya Nyambita.

"Ameneyu ndi wabwino," anatero. "Apite yense."

A Pondeponde ataona ngolo zafika zodzaza, nawonso anagwidwa ndi chilungamo mwadzidzidzi. Chinagwira wa pamlatho, chinagwira wa pamphambano, chinafalikira msewu wonse ngati chimfine. Boloni yense wa mfumu anayenda mpaka ku Pansipathumba osachotsedwapo ngakhale kambewu kamodzi.

Sanalowe m'mudzi. Anthu anali atatseka msewu ndi mitengo, ndipo anatembenuza ng'ombe zokoka ngolozo n'kuziperekeza ulendo wobwerera, amuna, amayi, agogo a ndodo, onse akuimba nyimbo zotamanda Ngwazi za Boloni. Pa chipata cha mlawi aliyense ankaima, kutsitsa gawo lake mwaulemu, n'kupitirira. Gawo lalikulu linafika kwa a Gwedeza dzuwa lili paliwombo, Nasibeko ali patsogolo, kachitini kamodzi kali m'manja.

"Ife tatapamo kathu aka, bwana," anatero atagwada bwinobwino. "Otsalawa ndi anu. Mwambo ndi mwambo."

"Amayi, ine ndasintha," anatero a Gwedeza. "Ndakalamba. Ndikufuna ndikafike kumwamba ndi manja oyera. Katundu wa anthu azifika kwa anthu."

"Ndiye tikauze mfumu kuti ngwazi yake yatopa? Kuti chipande chikungolendewera m'khosi osagwira ntchito? Abakha ajatu sanapezebe mbusa."

A Gwedeza anagwira chipande chawo ndi manja awiri. Nasibeko anawayang'ana mwachifundo ndithu, poti anali mayi wamtima wabwino.

"Zaka zonsezi mwakhala mukutitapira ife tili chete, bwana. Lero tabwera tokha kudzakupemphani kuti mutape, ndiye muzikana? Musatiyambire kukhulupirika lero. Tili ndi ana."

A Gwedeza anatembenuka n'kuuza antchito kuti atsegule geti. M'nyumba, Nangozo anali atayamba kale kufunsa kuti sutikesi yake yaikulu ija ili kuti.